Chiganizo Chimene Ndinachonga Lachitatu

Ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi, ndiponso ndine wa mtima wapachala. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti pasapezeke wondimvera chisoni poganiza kuti ndinali mayi wofatsa amene tsoka linangomupeza. Chaka chimene ndikunenachi ndinali pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Nathenje, kumene boma linanditumiza ine ndisakufuna, ndipo ana a Fomu 2 ankandiopa kuposa mmene ankaopera ahedi. Anali ndi dzina limene ankanditchula ndikangotembenuka. Ndinkalidziwa, sindililemba pano, koma kunena zoona ndinkanyada nalo.

Kaphunzitsidwe kanga kanali kotere. Lolemba lililonse ndinkalemba pa bolodi mawu asanu a Chingerezi, n'kuwamasulira, kenako mwana aliyense ankayenera kupanga ziganizo zakezake. Makope ndinkatolera belu likangolira, chifukwa ukawalola kupita nawo kunyumba amabwera onse ndi chiganizo chimodzi ngati nyimbo ya kwaya. Kalasiyo inali yodzaza mpaka pakhomo, ena atakhala pa njerwa. Makope awo ndikawathira m'dengu, dengulo ndinkachita kusenza pamutu.

Munthu amene sanachongepo mulu wotere sangamvetse zimene ndinene apazi, koma aphunzitsi anzanga akudziwa. Sitiwerenga ayi. Diso limazolowera kudumpha. Limangofuna mawu ako aja, liwone ngati akhala pamalo pake, liwone mneni, liwone mpumiro kumapeto, basi dzanja lachonga, tsamba latembenuka. Mwana akhoza kulemba kuti nyumba ya madamu ikupsa, iwe n'kumuchongera uli chikhalire m'nyumba momwemo.

Sabata imeneyo inali ya mu Febuluwale, mvula itafika pachimake. Pa mawu asanu aja panali akuti "unabated". Ndinkawakonda mawu amenewa, amadzaza m'kamwa ukamawatchula. Ndinawauza anawo kuti amanena za chinthu chimene chikupitirira ndi mphamvu zake zonse, osachepa, osapumira, monga chinayambira. Si chinthu chongokhalitsa ayi, koma chimene lero chikulusa mmene chinalusira dzulo. Ndinawauzanso kuti kawirikawiri timawagwiritsa ntchito pa zinthu zosautsa: phokoso, nkhondo, matenda, mvula. Ponena zimenezi n'kuti mvula ikusokosa pa malata moti ndinkachita kukuwa kuti akumbuyo amve.

"Koma wondilembera za mvula ndithana naye!" ndinatero. "Za mvula ndanena kale ine. Ganizani ndi mitu yanuyo, simunapatsidwe kuti muzingosenzera madzi. Lembani zimene mukuziona kwanu."

Makopewo ndinafika nawo kunyumba Lolemba masana. Tsiku limenelo sindinawakhudze, ndinati ndatopa. Lachiwiri nditaweruka ndinapita kukalukitsa tsitsi pamsika, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, tikuseka nkhani za eni ake. Izi ndazilemba chifukwa zinachitika, ndipo mpaka lero sindikhala pampando wolukitsira tsitsi osazikumbukira. Lachitatu madzulo ndi pamene ndinakoka dengu lija n'kukhala nalo pakhonde, bolopeni yofiira ili m'manja.

Mvula, mvula, mvula. Kope loyamba mvula, lachiwiri mvula, lachikhumi mvula. Asa! Mmodzi anayesako za phokoso la m'bala ya pamsika, wina za udzudzu. Ndinali nditapsa mtima kale pamene ndinatsegula kope la mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka.

Mtsikanayu anali mwana wa matenanti. Makolo ake anachokera cha ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina ya pakati pa Nathenje ndi Mitundu, kutali moti sakanatha kuyendera tsiku ndi tsiku. Choncho iye ndi anzake awiri ankachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo, n'kumadziphikira okha. Lachisanu akaweruka ankapita kwawo wapansi, Lamulungu madzulo n'kubwerera ndi kajumbo ka ufa. Anzake ankamuseka kayankhulidwe kake ka kummwera, ndiye anangosankha kukhala duu. Chiyambire Fomu 2 sindikukumbuka kuti anakwezapo mkono.

Chiganizo chake chinali ichi, m'zilembo zazing'ono zoongoka: "My mother's bleeding has continued unabated since the baby was born." M'chiyankhulo chathu ndiko kuti, amayi anga akutayabe magazi, osachepa ngakhale pang'ono, chibadwire mwana.

 Tsikulo pakhonde paja ndinadzimenya pantchafu ndi chisangalalo. "Eya! Mwana ndi ameneyu!" Mawu ali pamalo pake, mneni ali bwinobwino, mvula mulibe. Ndinachonga mokulitsa, ndinalemba pambali mawu omuyamikira, n'kuika kopelo palokha kuti mawa ndikachititse nalo manyazi anzake. Ine amene, mayi wa ana atatu, wodziwa bwino lomwe kuti magazi a uchembere amayenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Ndinatenga kope lotsatira n'kupitiriza kuchonga.

Lachinayi m'mawa ndinalowa m'kalasi ndi ukali wanga wonse. A mvula aja ndinawanyoza mmodzimmodzi mpaka mawu kusasa. Kenako ndinatukula kope lija. "Mverani mmene amalembera munthu wa mutu." Ndinawerenga mokweza, kawiri, pang'onopang'ono, ndipo ndinalemba chiganizocho pa bolodi kuti onse akopere. Anyamata ena kumbuyo anayamba kunong'onezana n'kumaseka chifukwa cha magaziwo. Ndinawagenda ndi choko, anakhala chete. Ndinamuuza mtsikanayo kuti aimirire, n'kulamula kalasi yonse kuti imuwombere m'manja.

Anaimirira. Iye amene nthawi zonse ankayang'ana pansi, tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso osaphethira mpaka m'manja munatha. Ine ndinayesa kuti n'kunyada. Nditatuluka ananditsatira chapatali mpaka pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, n'kuima pamenepo manja ali kumbuyo.

"Ukufunanso chiyani?" ndinamufunsa, kapu ya tiyi ili kale m'manja. "Ndikuyamikire kawiri? Thamanga, belu lalira."

Anatembenuka n'kumapita.

Nyumba imene ndinkakhala inagundana mpanda ndi ya namwino wina wa pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, mayi wamkulu kwa ine, wosakonda zoyankhulayankhula. Tinkaitanana kuti aneba. Masana a tsiku lomwelo ndinawapeza akuyanika yunifolomu pachingwe, kadzuwa katatulukako pang'ono, ndipo ine pofuna kudzitama ndinawauza za chiganizo chija. Ndinachitchula ndithu m'Chingerezi chake, mutu ndikugwedeza.

Anasiya kufinya chovalacho. "Mwanayo wabadwa liti?"

"Mwana uti?"

"Wa mayi akutaya magaziyo."

Ndinaseka. "Aneba, inunso! Ndi chiganizo cha m'kalasi chimenechi. Ana amapeka."

"Mwamufunsa?"

Ndinapukusa mutu.

"Aneba," anatero motsitsa mawu, "mtsikana wa msinkhu umenewo angakhale pansi n'kupeka za magazi a mayi ake omubereka? Inuyo muli mtsikana mukanapeka zimenezo?"

 Ndinakumbukira maso aja m'kalasi, ndi kuima kuja pakhomo la ofesi. Mayo ine! Sindinalowenso m'nyumba kukasintha. Ndinathamanga ndi masilipasi omwewo kudutsa pamsika, anthu akufunsana kuti madamu a kusekondale apenga liti.

Ndinamupeza akukoleza mbaula pakhomo la kachipinda kaja. Atandiona anagwada. Ndinamukokera kuseri, kutali ndi anzake.

"Zimene unalemba zija n'zoona?"

"N'zoona, madamu."

Anandifotokozera akuyang'ana khala limene linali m'manja mwake. Mwana anabadwa masabata awiri apitawo, m'nyumba, chifukwa matenda anayamba mvula ikugwa ndipo zinafulumira. Loweruka ndi Lamulungu iye ndi amene ankachapa nsalu za mayi ake, ndipo asanamalize kuyanika zina, zina zinali zitanyowa kale. Mayiwo popita kuchimbudzi ankachita kugwira khoma, thupi lili moto.

Ine m'malo mogwetsa nkhope ndinalusa. Ndi mmene ndilili. "Nanga bwanji sunandiuze, iwe mwana? Pakamwa ulibe?"

"Ndinakuuzani, madamu."

Sananene mwachipongwe ayi, anangonena basi. Ndinalakalaka nditalowa pansi. Kenako anapitiriza yekha, mawu ali pansipansi.

"Pakamwa sindikanatha. Ndi amayi anga. Zinthu zimenezi mwana satchula, n'kulaula. Komanso abambo anati tisauze munthu, chifukwa akuti wochirira kunyumba amakamukalipira kuchipatala, kumudzinso amamulipitsa mbuzi. Ndiye mmene munati tilembe zimene tikuona kwathu, ndinaona kuti m'Chingerezi sizikumveka ngati ndikuwavula."

Aneba anali atanditsatira. Iwo ankayenera kulowa ntchito pasanathe ola, koma anaimbira foni mnzawo wa kuchipatala cha mbali ya ku Mitundu, chimene chinali chapafupi kuchokera pa esitetipo, kuti atiyembekezere. Kwa ine anangoti, "Musakakambirane nawo zambiri. Mukawanyamule lero lomwe, kusanade." Tinapeza akabaza awiri a njinga zamoto. Tisanakwere, mtsikanayo anandigwira chitenje.

"Madamu, chonde musakawauze abambo kuti wanena ndine."

Ndinamulonjeza kuti sindikawauza.

Msewu wake unali matope okhaokha. Kawiri konse tinatsika n'kumakankha, ndipo pa kamtsinje kena tinawoloka madzi ali m'mawondo, silipasi yanga imodzi n'kupita nawo. Wakabaza wanga ankadandaula za njinga yake njira yonse, mpaka ndinamuuza mawu amene mphunzitsi sayenera kunena pamaso pa mwana wa sukulu. Tinafika dzuwa litapendeka.

Nyumba za matenanti zinali mumzere, zaudzu, zazifupi moti munthu polowa ankachita kuwerama. Kutsogolo kwake kunali chigafa chachitali choyanikamo fodya, ndipo m'menemo ndi mmene tinapeza bambo ake a mtsikanayo. Anali atakhala pansi pakati pa milu ya masamba othyola tsiku lomwelo, akusoka, manja ali bii ndi utomoni. Anali munthu wochepa thupi, wa imvi zoyamba kumene. Ataona mwana wawo pakati pa sabata, ali ndi mlendo wa nsapato imodzi, anaimirira n'kuvula chipewa.

Sindinawapatse ngakhale moni. Ndinawauza kuti ndine mphunzitsi wa mwana wawo, kuti ndamva kwa amayi a kutchalitchi kuti pakhomo pano pali wodwala, ndipo ndinawakalipira pamaso pa matenanti anzawo. Ndinawafunsa ngati fodya ndi amene anawaberekera ana. Ndinawafunsa ngati akudikira kuti maliro adzagone m'chigafa momwemo. Ndinayankhula zambiri, zina m'Chingerezi, ndipo ndikudziwa tsopano kuti pa ukali wonsewo ndinkadzikalipira ndekha.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. "Aphunzitsi," anatero, "mwanena zoona. Koma ine ndawauza kawiri kuti tiyeni, eni ake akukana. Amayi anzawo a pa esiteti pano anawapatsa mankhwala akumwa, akuti zisiya. Ndipo tsamba ili mukuliona, likagona pamulu osasokedwa limawonongeka, kapitawo amadzayendera m'mawa uliwonse. Ndinati timalize gawo limeneli, Loweruka tipite." Sanakweze mawu. Maso awo anali ofiira, ndipo sindikudziwa ngati chinali chifukwa cha fodyayo.

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo limene mayi aliyense wobereka amalidziwa, koma loposa pamenepo, fungo la chinthu chimene chayamba kuwonongeka. Mayiwo anali gone pamphasa, khanda lili pambali pawo. Nditawagwira dzanja n'kulitembenuza, chikhatho chinali choyera ngati ufa. Anayesa kudzuka kuti andilonjere bwino, koma analephera.

"Pepani aphunzitsi," anatero, "mwatipeza m'nyumba mosasesa."

Apa ndi pamene ukali wanga unathera. Ndinagwada pambali pa mphasapo n'kuyamba kuwachonderera. Anakana. Anati akawakalipira pamaso pa anthu. Anati mwana sanakhwime kuti n'kuyenda naye pamvula. Anati akachoka bambo atsala okha ndi fodya, ndipo fodya akawonongeka chaka chonse chapita pachabe, adzabwerera kwawo chimanjamanja, abale n'kumawaseka.

"Mayi," ndinatero, "wokalipa m'dera lino ndine, mufunseni mwana wanuyu. Amene akafune kukukalipirani kumeneko akayambe wathana ndi ine."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. Kenako anayang'ana mwana wawo wamkazi, amene anali chiimire pakhomo misozi ikutsika osaipukuta. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anati avomera, koma sangatuluke pagulu ndi nsalu zimene anali nazo. Ndinamasula chitenje changa n'kuwapatsa.

Bambo aja anathamangira kumudzi woyandikana ndi esitetiyo n'kubwera ndi ngolo ya abulu. Tinayala udzu ndi mphasa, amuna anayi anawanyamula mayiwo n'kuwagoneka. Mtsikana anakhala kumutu atagwira ambulera, ine ndinafukata khanda, bambo ankayenda pansi pambali pa gudumu dzanja lili pa ngolo. Abulu sadziwa changu, abale. Ndinawatukwana chamumtima njira yonse.

Tili pakati pa ulendo mayiwo anatsegula maso.

"Aphunzitsi, kusukulu ameneyu amachita bwino?"

"Amachita bwino kwambiri."

"Chingerezi amachitha? Ife sitinapite nayo patali."

Ndinayang'ana mtsikanayo, iye anayang'ana abulu. "Amachitha, mayi," ndinatero. "Amaposa onse."

"Zikomo," anatero, n'kutsekanso maso. "Muzimulimbikitsa."

Tinafika kuchipatala kukuchita chisisira. Anatilandira mwachangu. Palibe anakalipa, palibe anatchula za mbuzi. Anawaika diripi, anawabaya jakisoni, n'kuitanitsa ambulansi yopita nawo kuchipatala chachikulu cha m'tauni kuti akawapatse magazi. Dokotala wachinyamata amene anawaona ananditengera pambali poyesa kuti ndine mchemwali wawo. Anandifunsa kuti zinayamba liti, ndinamuuza. Anapukusa mutu. Sananene mokalipa, ananena ngati akudziyankhulira yekha, kuti bwenzi zili bwinoko akanabwera kumayambiriro kwa sabata, matenda asanalowerere m'thupi monse.

Kumayambiriro kwa sabata. Lolemba kopelo linali m'dengu pakona ya chipinda changa chochezera. Lachiwiri linali momwemo. Lachitatu ndinaligwira ndi manja angawa, ndinaliwerenga, ndinasangalala. Dokotalayo sankadziwa zimenezi, ndipo ine sindinamuuze.

Lachisanu ndinapempha ahedi n'kupita m'tauni kukawaona. Sanandizindikire. Loweruka m'mawa ndikuchapa kuseri kwa nyumba, foni inalira, nambala yachilendo. Anali bambo aja, atabwereka foni ya munthu wina m'wodi.

"Aphunzitsi, zalephereka," anatero.

Ndinakhala pansi pamadzi a sopo pomwepo n'kulira mokweza, mpaka aneba anabwera akuthamanga.

Kwawo kunali kutali, ndiye anawaika m'manda a mudzi uja unatibwereka ngolo, chakumapeto kumene amaika alendo. Anthu anali ochepa. Amayi a kutchalitchi anaimba mpaka mvula inawabalalitsa. Pofika masana matenanti anali atabwerera m'chigafa, chifukwa masamba a dzulo lake anali asanasokedwe.

Tsiku limene ndinabwerera m'kalasi ndinakumbukira kuti ana onse aja ali nacho chiganizocho m'makope mwawo, ndipo wowakopetsa ndinali ine. Ndinawauza kuti aliyense ang'ambe tsamba limenelo andipatse. Anadabwa, chifukwa wong'amba kope ine ndinkamugwaditsa panja. Mnyamata wina analimba mtima n'kufunsa kuti chiganizocho chinalakwika pati. Ndinamuyankha kuti sichinalakwike paliponse. Kalasi inadikira kuti ndikalipe, koma sindinakalipe, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa choko. Masambawo ndinakawatentha pambaula kunyumba.

Mtsikanayo sanabwererenso kusukulu. Ndinapitako kawiri kukamutenga. Ulendo wachiwiri ndinamupeza akuchapa matewera kuseri kwa nyumba ija, khanda likulira pamphasa, alongo ake aang'ono awiri akulimbirana chimanga chowotcha.

"Malo ako alipo," ndinamuuza. "Mayeso asanafike ndikuphunzitsa ndekha kunyumba."

"Nanga uyu ndimusiyire ndani, madamu?"

Ndinati abwere naye kwanga, tidzapeza womugwira masana. Anati abambo sangatsale okha ndi anyamata awiriwo. Anati mwina chaka chamawa, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti akungondilemekeza. Bambo ake anali kumunda, ndiye ndinapezerapo mwayi. Ndinamuuza kuti ndinamulakwira, kuti kope lake linagona masiku atatu, kuti ndinamuthamangitsa pakhomo la ofesi. Anapitiriza kufinya thewera. Sananene kuti wandikhululukira, sananenenso kuti sanandikhululukire. Anangondipempha kuti ndimugwirire mwana kuti iye ayanike.

Kuyambira pamenepo ndimawerenga chiganizo chilichonse mpaka kumapeto, ndipo makope sagona m'dengu. Anzanga amandiseka kuti ndimaweruka ndi alonda. M'makopemo ndapezamo njala, ndapezamo amalume oipa, ndapezamonso mabodza a ana ofuna kundiyesa. Koma ndisanamize munthu kuti zimenezi zinandichiritsa. Zimandipwetekabe, ndipo ndili ndi manyazi.

Fodya atagulitsidwa, m'nyengo yozizira, banjalo linaganiza zobwerera kwawo. Lamulungu lina masana, nditangofika kuchokera kutchalitchi, ndinamva odi pakhomo. Anali bambo aja, atavala jekete lochapa bwino, nkhuku ili kukhwapa, miyendo yake itamangidwa ndi luzi. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana uja, khanda lili kumsana, chitenje atamanga ngati mayi wamkulu. Anayenda wapansi mtunda wonsewo. Bambo ndinawapatsa mpando, mtsikana anakhala pamphasa, ndipo tinalonjerana monga mwa mwambo.

"Aphunzitsi," anayamba, chipewa chili pabondo, "ife mawa tikukwera lole, tikupita kwathu. Sitinafune kuchoka osadzakuonani. Kuno tinali alendo, tinalibe m'bale. Koma inu, munthu wosatidziwa, munangomva tsiku lomwelo n'kunyamuka tsiku lomwelo, pamvula, mpaka nsapato kutaya. Mukanapanda inu akanafera pamphasa paja osaonedwa ndi dokotala. Wochedwa ndinali ine. Zimenezo ndizisenza ndekha mpaka kumanda."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinkafuna ndiwauze kuti si tsiku lomwelo ayi, kuti uthenga unandipeza Lolemba, kuti katundu akusenzayo si wawo okha. Miyezi yonseyi ndinkalakalaka munthu woti andikalipire. Koma kuti ndinene zimenezo ndinkayenera kunenanso mmene uthengawo unandipezera: kuti mwana wawo anaswa lamulo lawo, analemba za magazi a mayi ake m'kope, ine n'kukaziwerenga pamaso pa anyamata, kalasi yonse n'kuwomba m'manja. Ndipo akachoka pakhomo panga, ine ndikanatsala mtima utapepuka, koma mtsikanayo ndi amene akanakwera nawo lole.

Ndinamuyang'ana. Anali akundiyang'ana kale. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha, n'kupitiriza kugwedeza khanda.

Ndinatseka pakamwa. Bambo aja anaimirira, anawerama, n'kundipatsira nkhuku ija.

"N'zochepa, aphunzitsi, koma landirani."

Ndinagwada, ndinailandira ndi manja awiri, ndipo ndinati zikomo.